Kabotolo ka a Lackson

Lolemba, 12 Okutobala 1981

Andigoneka lero kuchipatala cha mishoni, m'wodi ya amuna odwala chifuwa chachikulu. Bedi langa lili pafupi ndi windo loyang'ana kuphiri. Sikelo yati makilo 49. M'makhololo apezamo tizilombo tambiri. Adokotala akuti jakisoni wa sitireputomaisini m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri, ndi piritsi la thayazina madzulo.

Lines, mlongo wanga, wandisiyira kope ili ndi mapensulo. "Muzilemba, achimwene, musamangoganiza." Sadziwa kuti kwa ine ziwirizi n'chimodzimodzi.

Ana anga a Fomu 4 alemba mayeso ine kulibe.

Lachitatu, 14 Okutobala

Dzulo thako lamanzere, lero lamanja. Thupi kutentha madzulo, thukuta kunyowetsa nsalu.

Kumanja kwanga kuli a Lackson, othyola tiyi pa esiteti ina ya kumsewu wa ku Muloza. Analowa mu Ogasiti. Jakisoni wawo anatha, koma makhololo sanayere, ndiye awasunga. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa zala za ming'alu. Kumanzere kuli a Pilato, bambo wachikulire. Iwo matendawa anawalowa m'fupa la msana. Akhala akugona chagada pathabwa kuyambira Isitala, moyo wawo wonse unasamukira pakamwa.

"Aphunzitsi, takulandirani kuyunivesite yathu," anatero a Pilato. "Kuno digiri yake ndi kutuluka ndi miyendo yako. Olephera amatulukira khomo lakuseri atafunda kumutu."

Onse anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Ine ndinachedwa kuseka, monga mwa masiku onse.

Loweruka, 17 Okutobala

Mantha amandigwira m'mawa. Si a singano ayi. Ndi maganizo ongothamanga: ndifa, andichotsa ntchito, ndapatsira ana m'kalasi.

Ndakumbukira zimene wansembe wina wokalamba ankatichititsa ku Zomba pamene ankatiphunzitsa filosofi. Ankabwera ndi chinthu chimodzi, mwala kapena ndimu, n'kuchiika patebulo. "Yang'anani. Nenani chokhacho chimene diso laona. Chimene mtima wawonjezera musachitaye, koma mudziwe kuti n'chanu, si cha ndimuyu." Maganizo akathawa, ankati uwabweze ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni: osaimenya, kungokoka chingwe. Ife tinkamuseka kumbali. Tinkafuna mabuku akuluakulu.

Ndayesa lero ndi kapu yanga. Ndinaona kapu, posakhalitsa ndinali pamaliro anga, a hedimasitala akunditamanda zabodza. Ndinakoka chingwe. Kapu ndi yoyera, mlomo wake wabuluu. Yasupuka pafupi ndi chogwirira, ndipo posupukapo pachita dzimbiri. M'kati muli mzere wofiirira pamene tiyi amalekezera.

Mtima unakhazikika pang'ono. Ndizichita m'mawa uliwonse jakisoni asanabwere.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Lero phiri. Ndabadwira m'munsi mwake, ndinakweranso ndi ana asukulu mpaka ku Chambe, koma zikuoneka kuti sindinaliyang'anepo. Ndimati ndi lotuwa. Si lotuwa. M'mawa thanthwe limakhala lofiirira mbali imodzi, ina yabuluu. Lili ndi mizere yakuda yotsika kuchokera pamwamba, m'mene madzi amadutsa m'dzinja. Panopa ndi youma.

Ndinatsala pang'ono kulemba kuti ikuoneka ngati misozi. Zimenezo n'zanga.

Lachisanu, 23 Okutobala

Makilo 49 omwewo. M'makutu mwayamba kulira ngati nyenje. Sisitala Janeti, amene amayang'anira wodi yathu, akuti ndi jakisoniyu, ndiwauze zikakula.

Lachisanu ndi tsiku la makhololo. Lachinayi madzulo Sisitala amagawa timabotolo, kalikonse ndi dzina la mwini wake papepala lomata. Kukacha, usanalawe kanthu, umakhosomola kuchokera pansi pa chifuwa, kulavuliramo, kutseka, n'kuika pawindo. Wantchito amadzatolera. Zotsatira zimabwera Lolemba. Amene anamaliza jakisoni, makhololo ake akayera masabata awiri otsatizana, amatuluka n'kumakamwera mapiritsi kunyumba.

Wodi yonse imakhalira moyo timabotolo timeneti.

Lamulungu, 25 Okutobala

Tsiku la alendo. Lines wabweretsa nanazi ndi mbatata yootcha. Sanakhalitse, amaopa, ndipo sindikumunena.

Ana saloledwa m'wodi muno. Akazi a a Lackson, a Alefa, amake Morris, anaima panja pansi pa mtengo wa mango, khanda kumsana. Ndi lamkazi, dzina lake Millie, linabadwa mu Julayi. A Lackson anaima pawindo, nsalu kukamwa. Ankalankhulana m'Chilomwe, chimene ine ndimamva koma ndimachita manyazi kuyankhula. Mayiwo anatembenuka kuti bambo aone nkhope ya mwana. A Lackson anatulutsa dzanja pawindo, n'kulibweza lisanafike patali.

Anandigawira kalongonda amene anawabweretsera. Ndinali ndisanamudyenso kuyambira pamene amayi anamwalira.

Lachinayi, 29 Okutobala

Ndazindikira kuti ndikatsegula kope, wodi imati zii. Lero bambo wa bedi lapakona amadandaula za mtengo wa feteleza. Atandiona ndi pensulo anatembenuza nkhani n'kuyamba kuyamika mvula ya chaka chatha.

A Pilato sanazungulire. "Aphunzitsi, tisanamizane. Maso anuwo amatiyendera tsiku lonse, dzanja likulemba. Malipoti amenewa amapita kuti?"

Chaka chatha anadzatenga mnzanga wophunzitsa naye, ali m'kalasi, choko chili m'manja. Mpaka lero sitidziwa anamunenera ndani. Ine ndakhala ndikuopa akazitape. Sindinaganizepo kuti wina angaope ine.

Ndinawawerengera tsamba la kapu lija. Lonse, mpaka dzimbiri.

Kenaka a Pilato: "Boma linakulipirirani sukulu mpaka ku Zomba kuti muzidzayang'ana kapu?"

"Zimandithandiza kuti ndisaope."

"Lackson iwe, bisa mbale yako, angaiike m'buku!"

Anaseka mpaka Sisitala anasuzumira. A Lackson anaseka nawo, koyamba kuwaona mano. Tsopano akuti ndine Mphunzitsi wa Kapu. Kuli bwino kusiyana ndi dzina linalo.

Lolemba, 2 Novembala

Chizungulire. Kusanza.

Lachinayi, 5 Novembala

Ndadzukako lero. Adokotala achepetsa mlingo wa jakisoni chifukwa cha makutu ndi chizungulire. Makilo 48.

Lachiwiri ndinagwa popita kuchimbudzi. Anandidzutsa ndi a Lackson. Ndi iwonso amene akhala akundigwirira beseni ndi kukataya. Nditathokoza anangoti, "Kuno tonse ndife gadiyani wa mnzathu."

Pamene sindinkatha kutsegula maso ndinayesa kutsatira mpweya wokha. Umalowa wozizira m'mphuno, umakakamira pansi pa phewa lamanja, umatuluka wofunda. Ululu ukauyang'anitsitsa suli chinthu chimodzi. Umabaya, umaleka, umayamba kutentha. Pakati pake pali timipata. Ndinkabisala m'timipatamo.

Lamulungu, 8 Novembala

A Alefa abwera ndi uthenga. Ndinamva zonse, ngakhale ndinatembenukira kukhoma.

Kapitawo wati mvula ikagwa, tiyi akaphukira, aliyense akhale pamzere wake ndi dengu lake. Amene kulibe, nyumba ya kukomboni apatsa wina. A Alefa amathyola nawo, koma ngati aganyu. Nyumba inalembedwa dzina la mwamuna. Ndi chipinda chimodzi. Amagonamo ndi ana anayi.

"Adokotala analemba kalata," anatero a Lackson.

"Anawerenga. Akuti nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito, si ya kalata."

Atapita, a Lackson anakhala pabedi kuyang'ana kumwamba kwa phiri. Ndinayang'ana nawo. Mitambo yayamba kuunjikana masana.

Lachitatu, 11 Novembala

Kutentha koopsa. M'mawa a Yufi anaima pageti kufunsa makadi a chipani kwa magadiyani obweretsa chakudya. Phala la bambo wapakona linafika litazizira. Palibe amene anatchula chifukwa.

Ndayang'ana nyerere zonyamula nyenyeswa pawindo. Maganizo anathawa kambirimbiri. Ndikudzifunsa ngati kuyang'ana kwangaku sikungokhala njira yaulemu yothawira anthu. Kapu sikupempha kanthu.

Lolemba, 16 Novembala

Makhololo anga ayera. Makilo 50. Ndidikirabe mpaka jakisoni athe mu Disembala. Ndimayembekeza chimwemwe, chimene chabwera ndi tulo.

A Lackson: tizilombo tikadalipo. Sanadye masana.

Lachitatu, 18 Novembala

Mvula yoyamba. Fungo la dothi linalowa m'wodi, amuna akuluakulu n'kumakoka mpweya ngati ana. Madzulo mizere yakuda ya pathanthwe inali itayera, madzi akutsika.

A Lackson sanayandikire pawindo.

Lachisanu, 20 Novembala

Ndilembe mosamala.

M'mawa, kutangoyera, ndinasankha kuyang'ana kuwala m'mene kumayendera pansi pa simenti. Maso anali pansi, ndiye ndinaona mapazi. Mapazi a a Lackson anadutsa kumiyendo kwa bedi langa kupita kwa a Pilato. Anaima. A Pilato anakhosomola nthawi yaitali. Ndinamva chotsekera chikutsekedwa. Mapazi anabwerera. Nditakweza maso, kabotolo kanali pawindo la a Lackson. A Lackson sanakhosomole m'mawa wonse mpaka wantchito atatolera.

Diso laona zimenezo. A Pilato sapatsidwa kabotolo, matenda awo sali m'mapapo.

Chimene mtima wawonjezera: kuti alavulira m'kabotolo ka a Lackson. Kabotoloko m'manja mwa a Pilato sindinakaone. Mwina anapita kukawatembenuza pilo. Ndine munthu wa chizungulire ndi nyenje m'makutu. Ndikhoza kulakwitsa.

Lolemba, 23 Novembala

"A Lackson, ayera!" anatero Sisitala Janeti, akumwetulira ndi mtima wonse. "Lachisanu likubwerali akayeranso, mukupita."

Wodi inaomba m'manja. Ndinayang'ana nkhope. Palibe amene anadabwa. Bambo wapakona anayang'ana a Pilato, n'kuyang'ana pansi.

Sindinalakwitse.

Nkhani ina: a Pilato akupita ku Blantyre Lachitatu kukachitidwa opaleshoni ya msana.

Anga ayeranso. Makilo 51.

Lachiwiri, 24 Novembala

Masana, ena ali pakhonde, a Pilato anandikodola.

"Mphunzitsi wa Kapu, sendezani khutu. Munaona Lachisanu, eti? Maso anuwo sagona."

Ndinavomera.

"Ndiye mwadziwa ntchito yanga. Fodya wa zaka zonsezi anandisiyira makhololo okoma, opanda kachilombo ngakhale kamodzi. Sindigulitsa, musandiyese wamalonda. Ndinaupeza mwambowu muno, anandisiyira wina. Munthu akapanikizika, ntchito ikutha, munda ukugona, timamuthandiza. Mawa ndikupita. Mpando ndikusiyira inu."

"Ine?"

"Wayera ndani wina muno? Tayang'anani. Onsewa ndi mafamu a tizilombo."

Ndinati kunyumba kuli khanda.

"Khandalo likagona pati akawatulutsa? Pansi pa tiyi? Mapiritsi ndi omwewo, kumwera kuno kapena kukomboni. Pano akungotha nyemba za mishoni."

"Amene munawathandiza kale ali bwanji?"

"Ali kwawo."

"Ali bwino?"

"Ine ndagona pathabwa, aphunzitsi, ndidziwa bwanji? Inu mumafunsa ngati mayeso." Anatseka maso. "Munthu uja anakutayirani masanzi."

Lachitatu, 25 Novembala

A Pilato anyamulidwa ndi thabwa lawo lomwe. Pakhomo anakuwa: "Ndikabwera ndikuvina tchopa, mukonzeke!" Wodi yatsala ngati nyumba yochotsamo wailesi.

Adokotala poyendera ndinawafunsa, ngati funso la m'kalasi chabe, kuti munthu wa makhololo osayera akagona chipinda chimodzi ndi khanda chimachitika n'chiyani. Anati akuluakulu ambiri amalimba, ana okulirapo ena amadwala. Khanda matendawa amakonda kulilowa m'mutu, ndipo likafika pamenepo kawirikawiri salipulumutsa. Sizichitika nthawi zonse, anatero, koma iwo aziona kokwanira. Anandiyang'ana ngati akudikira funso lina. Ndinathokoza.

A Lackson anali pabedi lawo. Anamva. Chizungu samva, koma a medikolo, othandizira adokotala, anamasulira mokweza, poganiza kuti ndi phunziro la wodi yonse.

Mvula yagwa tsiku lonse.

Lachinayi, 26 Novembala

Sisitala agawa timabotolo dzuwa lisanalowe. Atangotuluka, a Lackson anakhala m'mphepete mwa bedi langa. Sanayambe akhalapo.

"Aphunzitsi, a Pilato anakuuzani."

"Anandiuza."

"Ine sindidziwa kupempha." Anayang'ana zala zawo. "Zija ananena adokotala ndinamva. Ndizikagona pakhonde. Ndalumbira. Mwana sindimugwira mpaka Isitala. Mbale yanga, kapu yanga, padera."

"M'dzinja muno, pakhonde?"

"Ndinagonapo m'tchire pobwera kuno ndili mnyamata. Khonde n'chiyani?" Anakhosomola, nsalu kukamwa, mpaka misozi. "Amake Morris akapita kwawo ku Thuchila ndi ana anayi, akalowa m'nyumba ya mayi awo. Ine mkamwini wopanda khasu, wopanda ntchito, wachifuwa. Mukudziwa m'mene zimathera."

Anaika kabotolo m'dzanja langa n'kulifumbatitsa ndi dzanja lawo. Linali lotentha.

Ndikanayenera kunena pomwepo, inde kapena ayi. Sindinanene kanthu. Iwo anatenga kukhala chete kwangako ngati inde. Anati, "Mulungu akudalitseni," n'kubwerera.

Ndayesa kusiyanitsa. Chimene ndaona: munthu amene anandidzutsa pansi, dzanja lotentha, khanda kumsana pansi pa mango. Chipinda chawo sindinachionepo. Mwana akudwala sindinamuone, ndi mtima ukujambula. Ana akunyowa panja ndi katundu, nawonso ndi mtima ukujambula. Zithunzi ziwiri, zonse zanga, ndipo ndiyenera kusankha ndi chimodzi.

Palinso china chimene sindifuna kuchiyang'ana. Ndine wantchito wa boma. Ndikagwidwa ndikunamiza chipatala, zikafika kusukulu. Mwina ndikungobisala kumbuyo kwa khandalo.

Wansembe uja anatiphunzitsa kuona. Zoti ukaona uchite chiyani, mwina ananena tsiku limene ndinajomba.

Lachisanu, 27 Novembala

Ndilemba zonse.

Kutacha ndinalavulira m'kabotolo kanga n'kuika pawindo. Ka a Lackson ndinakagwira pansi pa nsalu. Ndinatsegula. Makhololo anabwera pakhosi. Ndinayang'ana dzina papepala, zilembo za Sisitala zopendekera kumanja. Ndinameza.

Ndinati ndiyesenso. Kawiri konse ndinameza. A Lackson ankandiyang'ana, ine ndinkayang'ana kabotolo. Wodi yonse inali maso, aliyense akunamizira kukonza bedi.

Ndikanawabwezera msanga, bwenzi atalavulira okha, nkhani n'kuthera pakati pa ife awiri. Ndinazengereza mpaka chitseko chinatseguka. Lero wantchito sanabwere yekha, anabwera ndi Sisitala Janeti, amene amafuna kuona okha kabotolo kotulutsa munthu wawo.

"A Lackson, kanu kali kuti?"

Maso a a Lackson anali pa ine.

Sisitala anatembenukira kwa ine. Nsalu inali itatsetsereka pamwendo panga.

"Aphunzitsi, kabotolo ka a Lackson kakutani m'manja mwanu?"

Bodza linalipo, lapafupi, lokwanira bwino: kanagwa pansi, ndatola. Ndinalimva lili palilime. Bambo wapakona anayamba kale kundithandiza: "Kanagubuduka, Sisitala, ndinakaona ine..."

"Ndafunsa aphunzitsi."

"Anandipempha kuti ndilavuliremo," ndinatero. "Ndalephera."

Mawu anga anamveka aang'ono, koma anafika mpaka kukhomo.

Sisitala anandiyang'anitsitsa. "Nanga a sabata yatha?"

Ndinayang'ana pansi, pa simenti pomwe paja.

"Aphunzitsi. Kunyumba kwa bambowa kuli mwana wa miyezi inayi. A sabata yatha anali a ndani?"

Ndinanena zimene ndinaona: mapazi, kukhosomola, chotsekera. Sindinawonjezere kanthu. Panalibe chofunika kuwonjezera.

Sanakalipe. Anatenga kabotolo m'manja mwanga, anapatsa a Lackson, anaima pomwepo mpaka atakhosomola. Potuluka anati kuyambira lero aliyense azilavula iwo akuona.

Chitseko chitatsekeka, wina kumapeto kwa wodi anati, osakweza mawu, "Tinanena ife."

Loweruka, 28 Novembala

Palibe wandilankhula. Tiyi wanga anamuika patali, pamene ndiyenera kudzuka kuti ndimufikire. Ndikamadutsa, nkhani imaima.

Sindinangotsekera a Lackson okha. Ndatsekera onse amene akanadzathandizidwa m'tsogolo. Akudziwa, inenso ndikudziwa.

Ndayesa kuyang'ana kapu. Sindinathe.

Lolemba, 30 Novembala

A Lackson: tizilombo tambiri, kuposa mwezi watha. Adokotala akuti mankhwala akale sakugwira, ayamba ena atsopano ochokera ku Blantyre. Miyezi ina itatu m'chipatala, mwina kuposa. Alembanso kalata ku esiteti. Auza a Alefa abweretse ana onse adzayezedwe.

Ndinaganiza kuti zotsatirazi zindipeputsa. Ayi. Zangondiuza kuti ndinaona bwino. Sizinandiuze chifukwa chimene ndinamezera makhololo aja, kaya chinali khanda kaya mantha.

Anga ayera. Makilo 52.

Lachitatu, 2 Disembala

Ndinapita pabedi lawo. Anali atatembenukira kukhoma.

"A Lackson, nyumba yanga ya kusukulu ili ndi zipinda ziwiri. Ndikhoza kupempha a hedimasitala kuti amake Morris ndi ana..."

"Nyumba ya boma."

"Eya."

"Kuti akakhale m'manja mwa munthu amene akafunsidwa amayankha." Sanatembenuke. "Pitani mukagone, aphunzitsi. Mungagwenso."

Lines atabwera ndinamutuma ndithu. Wabwera nalo yankho madzulo: a hedimasitala akuti m'nyumba za sukulu simukhala anthu osadziwika, masiku ano munthu amafunsidwa za alendo ake.

Lachisanu, 4 Disembala

Tonse talavula Sisitala ataima potiyang'ana, mmodzimmodzi, ngati ana. Bambo wapakona polavula anayang'ana ine.

Ana a a Lackson anayezedwa dzulo. Sisitala anandiuza motsitsa mawu pondibaya jakisoni: awiri ali bwino, khanda lili bwino, Morris wamkuluyo amujambula chifuwa sabata yamawa chifukwa ali ndi kachifuwa. "Munachita bwino," anatero. Ndikanakonda akanapanda kunena. Bedi loyandikana linamva.

Lamulungu, 6 Disembala

Mvula inakata m'mawa. A Alefa anafika masana, osati ndi kambale ka chakudya ngati kale. Mtolo waukulu pamutu, mphasa yokulunga pamwamba pake, khanda kumsana. Ana atatu pambuyo, wina atanyamula ndowa, wina nkhuku. Anatula pansi pa mango.

Nyumba analowamo ena dzulo. Akupita ku Thuchila.

Analankhulana pawindo nthawi yaitali, motsitsa. Sindinamvetsere, ndinatuluka kukakhala pakhonde la mbali ina mpaka belu la alendo litalira. Pobwerera ndinawaona akusenzanso mtolo. A Alefa anandiyang'ana kudzera pawindo. Sindidziwa ngati amadziwa kuti ndine. Pankhope pawo sindinawerengepo kanthu, ndipo sindiyesa kuwonjezera. Atatembenuka, khanda linali maso, likuyamwa chibakera chake, mutu ukugwedezeka ndi mayendedwe a mayi ake mpaka pageti.

A Lackson anaima pawindo mpaka anthuwo atazimiririka. Kenaka anabwera kwa ine.

Anaika chinthu pakabati kanga, chinalira pathabwa. Loko wachitsulo, kiyi ali momwemo, womangidwa kachingwe ka nsalu.

"Chitseko chinali cha kampani," anatero. "Loko ndinagula ndekha. Amake Morris anachotsa."

Ndinayamba kunena kanthu, sindikumbuka chiyani.

"Sungani ndinu, aphunzitsi. Inu muli ndi chitseko."

Anabwerera pabedi lawo, anamwa mapiritsi awo atsopano, anagona.

Loko ali pano. Ndi wolemera kuposa m'mene amaonekera. Mbali imodzi yasalala ndi kugwiridwa. Sindinamusunthe.